Chinkhwe cha bambo anga sichinali ndi chitopa

Inu achimwene a sitolo ya mankhwala a ziweto, ovala chikhoti choyera pa kamsika ka kwathu kuno mbali ya ku Chiringa, mwapha mbalame ya bambo anga. Dzina lanu sindilemba, la sitolo yanunso sindilemba. Mukudzidziwa. Za ndalama zimene tinakupatsani musade nazo nkhawa, idyani. Ine ndikufuna anthu amve zimene munachita, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, chifukwa inu mwayamba kale kuifotokoza nkhaniyi mwa njira yanu.

Amene simundidziwa, ndine Esinati, telala wa pakhonde. Ndimakhala ndi bambo anga, amene tsopano ndi okalamba. Mbalame ndikunenayi inali chinkhwe, chotuwa ngati phulusa, mchira wofiira. Dzina lake Kapitawo. Bambo ankagwira ntchito yophika m'nyumba ya bwana wina ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira mbalameyo pamodzi ndi khola lake la waya. Nthawiyo ine ndinali ndisanayambe n'komwe sukulu. Tinamutcha Kapitawo chifukwa cha kulamula. Ankaitana agalu ndi likhweru, agalu n'kubwera, iye n'kuwaseka. Ankakalipira mbuzi za eni ake zikalowa pabwalo. Bwana uja anati ndi wamwamuna, ifenso tinkangoti ndi wamwamuna.

Mayi anatisiya chaka chatha, nyengo yokolola. Tilibe mawu awo m'foni, sitinaganizeko zowajambula. Koma Kapitawo anali nawo. M'mawa uliwonse bambo ankayamba kaye azungulira kumunda wa kuseri kwa nyumba, ndipo mayi akatereka tiyi pakhonde ankakuwa kuti, "Abambo a Esinati, tiyi wazizira uyu!" Kenako kachifuwa kawo kaja, kenako kuseka. Kapitawo anazitenga zonsezo, mawu, chifuwa ndi kuseka komwe, mpaka kakokedwe ka Chilomwe ka mayi. Maliro atatha, anthu atabalalika, m'mawa wina anangokuwa mawu amenewo. Bambo anaponya khasu pansi n'kubwera chothamanga. Kuyambira pamenepo ankadziphikira okha tiyi, kumuika pakhonde, n'kupita dala kumunda kuti akaitanidwe. Mukamawerenga zotsatirazi muzikumbukira zimenezo. Sitinapite kusitolo kuja ndi nkhuku.

Chimwalirireni mayi, bambo ndi Kapitawo sankasiyana. Tsiku lonse mbalame ili paphewa. Ankaisisita kuyambira kumutu mpaka kumchira, kuikanda kunsi kwa mapiko, kutafuna mtedza n'kuipatsira pakamwa. Ine ndinkaona ngati n'zabwino. Munthu woferedwa apeze pogwira.

Kutayamba kutentha, mu Okutobala, Kapitawo anasintha. Akakhala padzanja la bambo ankagwedeza mutu mokweza ndi kutsitsa, kenako n'kutulutsa chakudya n'kuchiika pachala chawo. Ankagwetsa mapiko, kumanjenjemera, kumalira kamawu kang'ono ngati kamwana ka galu. Ankakhuza kunsi kwa mchira padzanja lawo. Anang'amba thumba la jekete la bambo, ndipo mukamutulutsa m'khola ankathamangira kunsi kwa kabati, kumdima. Ine, amene ndakula naye, ndikangoyandikira bambo ankandilumphira. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi anandiluma chala chachikulu mpaka magazi, ndinalephera kulowetsa ulusi pasingano. Koma kudya ankadya bwino. Maso ali gwa. Tiyi ankaitanira monga mwa masiku onse.

Bambo anachita mantha ndi kutulutsa chakudya kuja. Anati, "Mayi ako anayambanso ndi kusanza." Tsiku la msika anavala jekete lawo long'ambikalo, tinamanga khola pakaliyala, kulifunditsa chitenje, ulendo wa kwa inu. Kuno aliyense amakutchulani adokotala. Sindinamvepo mukukana.

Tinakupezani mukuseka pafoni. Sitolo yodzaza, ena akufuna mankhwala a nkhupakupa, ena a mbozi za m'chimanga. Tinadikira. Mutamaliza munakweza ngodya ya chitenje ndi cholembera, n'kusuzumira. Khola simunatsegule. Mbalame simunaigwire.

"Ikusanza?"

Bambo anavomera.

"Mapiko yagwetsa?"

Anavomeranso.

"Chitopa chimenecho, madala."

Simunanong'one. Munanena mokweza ngati mukulengeza mtengo wa feteleza, ndipo mayi wina amene ananyamula tambala kukhwapa anatuluka chafutambuyo. Ine ndinayesa kufunsa. Ndinati nkhuku ya chitopa ndinaionapo, imawodzera, imapinda khosi, sidya, pamene uyu akudya ndiponso akutukwana agalu. Mukukumbukira yankho lanu? Ine ndikulikumbukira.

"Achemwali, inu ndinu atelala eti? Ine nditabwera pakhonde panu kudzakuphunzitsani kudula diresi, mungamve bwanji?"

Anthu anaseka. Bambo anandigwira mkono kuti ndikhale chete. Iwo ndi a m'badwo umene ukaona chovala choyera umavula chipewa.

Ndiye munayamba kulamula. Munati tiichotse m'khola, tiiike m'katoni, tiitsekere mumdima kuchipinda chosungira chimanga kuti isapatsire nkhuku. M'katonimo tiyalemo sanza kuti izimva kutentha. Tiziipatsa phala lofunda, lofewa, lothira nsinjiro ndi dzira, kuti ipeze mphamvu. M'madzi tizisungunulamo ufa wachikasu umene munatigulitsa, wojambulidwa tambala papaketi. Ndipo bambo aziisisita kumsana ndi kunsi kwa mapiko pafupipafupi, akuti kuti magazi aziyenda. Katoni munatipatsa yaulere. Munati ndi mphatso. Bambo anawomba m'manja pothokoza.

Amati safunsa anadya phula. Ife tinafunsa, phula tinadyabe.

Nkhani inatitsogolera kumudzi. Pofika pakhomo tinapeza mayi a Joyisi, oyandikana nafe nyumba, atatsekera kale nkhuku zawo dzuwa likadali pamutu. Madzulo anabwera, anagwada patali, n'kunena mwaulemu wonse.

"Agogo, tamva za kumsika. Musatione ngati oipa mtima. Koma nkhuku zimenezi ndiye sopo wathu, ndiye makope a ana. Mbalameyo mukanangoichotsa."

Kuichotsa kwake mukukudziwa. Mayi a Joyisi sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Aliyense amene anaonapo chitopa chikusesa khola akudziwa mantha ake, ndipo miyezi yotentha ino ndiyo nthawi yake. Koma ndinaona bambo anga, munthu amene anawanyamulapo mayiwo ali khanda, akuvula chipewa n'kuwapempha kuti atipatseko masiku. Ana analeka kudutsa pabwalo pathu. Amene ankabwera kudzayeza malaya anayamba kuimira kumsewu, n'kumandiitana ndi dzanja.

Kenako munatulukira inu, panjinga yamoto, ndi bokosi la katemera kumbuyo. Khomo ndi khomo. Mawu anu anali amodzi: "Kwa madala a mbalame yoyankhula aja kwagwa chitopa, tetezani zanu." Mudzi wonse unatemeretsa. Katemera ndi wabwino, sindikutsutsa, ine ndemwe nkhuku zanga ndimatemeretsa. Koma mpaka kumugulitsa ndi dzina la bambo anga? Munadutsa pamsewu wa pakhomo pathu, fumbi lanu linalowa mpaka pamakina anga. Munaima kuti muone wodwala wanu? Ayi. Munaliza hutala.

M'mudzimo simunafe nkhuku ngakhale imodzi, musanabwere ndiponso mutabwera. Inu mukuti ndi mphamvu ya katemera wanu.

Tsono katoni ija Kapitawo anaikonda koopsa. Ife tinkayembekeza kuti avuta, koma analowamo ngati wapeza nyumba imene wakhala akuifuna moyo wake wonse. Sanza zija anazinyenyanyenya, kuziunjika pangodya, n'kukhalapo. Ndikatsegula chitseko ankabangula ngati galu. Bambo okha ndiwo ankaloledwa kupisa dzanja. Ankakhala pansi m'chipindamo, pakati pa matumba a chimanga, m'kutentha kumene kuja, dzanja lili m'katoni, akusisita monga munanenera. Phala lofunda katatu pa tsiku. Ndipo Kapitawo analeka kuyankhula. Bambo ankaika tiyi pakhonde, kupita kumunda, kudikira, kubwerako okha. Ankati matenda akula. Ankawonjezera kusisita.

Patapita masiku ndinamva bambo akundiitana kuchipinda kuja, mawu awo achilendo. Ndinathamanga ndikuganiza kuti zachitika. Ndinawapeza akuseka, misozi ili mbwe.

"Esinati, tabwera udzaone. Kapitawo ndi mayi!"

Pansi pa mbalameyo panali dzira. Loyera, lalikulu pang'ono kuposa la nkhunda. Zaka zonsezi tikumutcha bambo. Ndinasekanso nawo, chifukwa chiikireni maliro ndinali ndisanawamvepo akuseka chotero. Anati mayi ako akanakhalapo akanagwa ndi phwete, iwo ankanena kuti mbalame yolongolola chonchi singakhale yamphongo.

M'mawa mwake ndinabwera kwa inu ndekha. Ndinali ndi chiyembekezo chopusa choti mukamva za dzira muchita manyazi, munena kuti pepani, ndinalakwitsa. Ndinakufotokozerani. Nkhope yanu sinasinthe.

"Eya, ndimadziwa. Mankhwala aja agwira, atulutsa zoipa."

"Nanga chitopa chija?"

"Chaphwa. Si munamwetsa?"

Ndinafunsa kuti dzira labwera bwanji popanda yaimuna. Munati nanga msoti suikira popanda tambala? Pamenepo pokha munanena zoona, ndikupatsani. Koma munapitiriza. Munati tsopano vuto latsala ndi kufungatira, ndipo mankhwala a thadzi lofungatira aliyense amawadziwa: lichotsereni dzira, liviikeni mu ndowa ya madzi ozizira, liiwale. Kenako tiibwezere m'katoni momwemo, phala lipitirire. Ndinati, achimwene, iyi si nkhuku. Munayankha mukupatsa wina chenje, osandiyang'ana.

"Nkhuku, nkhunda, chinkhwe, zonse n'za nthenga."

Sukulu imene munaphunzira zimenezi ili kuti? Ndikufuna ndikaione, ndikaone ngati ili ndi denga.

Ndinakawauza bambo mawu anu, ndinawauzanso kuti ine mtima wanga sukuvomera. Anati adokotala ananena kuti ichira ndipo taona yayamba kusintha, tisawaderere. Dzira tinachotsa. Kapitawo analifunafuna m'sanza zija, akutembenuza chilichonse ndi mlomo. Bambo anamunyamula ndi manja awiri kupita naye pa ndowa, akumuuza kuti, "Pepa mayi, pepa, n'zoti uchire." Atamuviika, Kapitawo anakuwa kukuwa kumene sindinamumvepo. Atamutulutsa sanawalume. Anangowakakamira pachifuwa, akunjenjemera.

Usiku umodzi kapena uwiri unadutsa. M'mawa wa Lachisanu tinamupeza atagona chamimba pansi pa katoni. Nthenga zafufuma, miyendo yatangadza, mchira ukukwera ndi kutsika, akupuma ndi kukamwa. Kunsi kwa mimba kunali kotupa. Phala sanalikhudze.

Apo ine ndinati zakwana. Mlamu wanga wa ku Blantyre anali atanditumizira kale nambala ya dokotala weniweni wa zinyama wa kumeneko, mayi wina, koma ndinkazengereza poopa kuti anthu a m'tauni atiseka ndi mbalame yathu. Ndinajambula kavidiyo. Kwathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, kamtunda ndithu. Ndinawauza bambo kuti andidikire, ndikubwera.

Dokotalayo sanaseke. Anaona vidiyo, n'kundiimbira yekha. Anafunsa kuti zinayamba bwanji, ndipo ndinafotokoza zonse, kugwedeza mutu, chakudya pachala, mapiko, kundiluma, katoni, phala, dzira, ndowa. Nditamaliza anayankha mosazungulira.

"Mayi, mbalame yanuyi poyamba paja sinkadwala. Inafika nyengo yofuna kuswana, ndipo inasankha bambo anuwo ngati mnzake. Zambiri tikambirana bwino. Panopa mvetsetsani ichi. Ili ndi dzira lina ndipo lakanirira. Ifunditseni kansalu kuti isazizidwe, mubwere nayo lero lomwe. Wina aliyense asaifinye pamimba, asapisemo chala. Dzira likaswekera m'kati, yapita."

Ndinatsika pachulu paja chothamanga, patapata m'manja. Pakhomo ndinapeza chitseko cha chipinda chili pululu. Katoni palibe. Njinga palibe. Mayi a Joyisi anandikuwira ali kuseri kwa mpanda wawo kuti agogo alephera kupirira, aona ngati mbalame ikutsirizika, anyamuka nayo kupita kwa adokotala kumsika.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Ndinamuuza kuti athamange ngati akuthawa ngongole. Njira yonse ndinkapemphera kuti tikupezeni mwatseka, kapena muli pafoni monga mwa chizolowezi chanu, muwadikiritse bambo anga monga munatidikiritsira tsiku loyamba. Tsiku limenelo lokha ndiye munafulumira kuthandiza.

Nditalowa ndinaona botolo la mafuta ophikira pakauntala. Kapitawo ali chagada pa nyuzipepala. Bambo aima pambali, chipewa m'manja. Inu mukupukuta zala pa chikhoti chanu, ndipo pa choyera paja panatsala mzere wachikasu.

"Zatheka," munatero. "Ndaliswa. Tsopano lituluka lokha. Nkhuku timatero."

Ndinakuuzani mawu a dokotala uja, liwu ndi liwu. Sindikudziwa ngati ndinkayankhula kapena kukuwa. Anthu anadzaza pakhomo. Inu munayang'ana anthuwo, munayang'ana mbalame, kenako munabweza botolo la mafuta kunsi kwa kauntala.

"Achemwali, musandikwezere mawu pa bizinesi yanga. Ine ndimagulitsa mankhwala. Ndinakuuzanipo kuti ndine dokotala?"

"Nanga chikhoticho?"

"N'choteteza fumbi."

Choteteza fumbi. Mwamva anthu a kuno? Amene mumapita ndi mbuzi zanu, ndi ng'ombe zanu, ndi agalu anu, n'kumati adokotala, adokotala, iwo n'kumayankha kuti eya. Chimene mumachiona chija n'choteteza fumbi.

Tinamukulunga Kapitawo m'chitenje, tinasiya njinga kwa wogulitsa tomato, n'kukwera minibasi yoyamba imene inapezeka, ulendo wa ku Blantyre. Bambo anamufungatira pamiyendo. Ankamuyankhula chapansipansi m'Chilomwe, chimene chimwalirireni mayi analibe woyankhula naye m'nyumba. Tisanafike pa Migowi anasiya kuyankhula. Anakweza ngodya ya chitenje, anayang'ana, n'kuibwezera. Kenako anauza kondakitala mwaulemu kuti, "Mwanangu, titsitse pompano. Ulendo watha."

Tinaima m'mbali mwa msewu, phiri la Michesi lili apo, dzuwa likuswa mtengo. Bambo sanalire. Anangonena chinthu chimodzi.

"Ndinalimva likuphwanyika, Esinati. Ndinali nditamugwira miyendo ndine."

Mwawamva mawu amenewo, achimwene? Munawapempha kuti akugwirireni miyendo. Munthu wokalamba adzapita nazo kumanda zimenezo.

Kapitawo tinamuika pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, m'chitenje cha mayi.

Madzulo ake, nditakafika pamene pamagwira netiweki paja, dokotala wa ku Blantyre uja anaimba kufunsa ngati tasochera. Munthu woti sanationepo, sitinamupatse kalikonse. Nditamuuza anapepesa, ndipo anakhala nane pafoni nthawi yaitali, ine nditakhala pachulu paja. Zimene anandiuza ndizilemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena osunga zinkhwe ndi timbalame tina ta mtundu umenewu, ndipo tsiku lina mudzapita nazo kwa munthu wovala choteteza fumbi.

Anati chimene tinkachitcha kusanza chija sikunali kusanza. Chinkhwe chikakonda mnzake chimabzikula chakudya n'kumupatsa, ndiko kufunsira kwake. Chimachita mwadala, mutu ukukwera ndi kutsika, ndipo chikatha chimakhala chosangalala. Chodwala chimapukusa mutu uku ndi uku, masanzi n'kumatirira kumaso, chimafooka, sichidya. Kugwetsa mapiko, kulira kamawu kaja, kukhuza mchira, kung'amba nsalu, kufuna malo amdima, kuluma aliyense woyandikira amene chamusankha, zonsezo n'za nyengo imodzi yomweyo. Si misala, si matenda, ndipo zimatha zokha pakapita milungu ngati anthu sakuzikolezera.

Ndinafunsa kuti tikanachita chiyani. Yankho lake ndi limene likundisowetsa tulo, chifukwa linali lopepuka. Anati bambo akanangomukanda kumutu ndi m'khosi mokha, osati kumsana, kunsi kwa mapiko kapena kumchira, chifukwa kwa chinkhwe kugwidwa malo amenewo ndi nkhani ya banja. Akanaleka kumupatsira chakudya pakamwa. Akayamba zokhuza mchira, kungomubwezera m'khola mwakachetechete, osamumenya, osamukalipira. Inenso ndikanamamupatsako chakudya kuti asamaone munthu mmodzi yekha. Dzuwa likalowa, kufunditsa khola kuti agone usiku wautali, osamukhazika pa nyale mpaka anthu kugona. Zamafuta ngati mtedza kuchepetsa. Basi.

Tsono yerekezani ndi zimene munatiuza inu. Anati zinkhwe kutchire zimaikira m'mphako za mitengo, ndiye katoni yamdima yokhala ndi sanza, usana ndi usiku, kwa iye inali chisa chokonzeratu. Phala lofunda ndi lofewa limafanana ndi chimene yaimuna imabzikulira yaikazi ikamakonzekera kuikira. Kusisita kumsana ndanena kale. Tinamupatsa chisa, chakudya cha ukwati ndi dzanja la mwamuna, tsiku lililonse, mwa lamulo lanu. Thupi lake likanatani? Ndipo dzira loyamba lija, anati, tikanalisiya. Silikanaswa kanthu, iye akanalikhalira mpaka kutopa nalo n'kulisiya yekha. Ukachotsa, thupi limapanga lina, ndipo zolimbitsa chigoba zimachoka m'mafupa a mbalameyo. Kwa mbalame yachikulire, yoyamba kumene kuikira, yongoviikidwa m'madzi ozizira, lachiwirilo ndilo linakanirira.

Pa zonse zimene munanena, palibe ngakhale chimodzi chimene chinangokhala chopanda ntchito. Chilichonse chinamukankhira kumanda. Mukanangonena kuti, "Madala, mbalame iyi sindiidziwa, funsani ena," bwenzi lero ali pakhonde akutukwana agalu. Mawu amenewo ndi olemera bwanji kuti akukanikeni? Kapena mumaopa kuti mukawanena chikhoti chivuka chokha?

Ndipo ngakhale pamenepa ndikanakhala chete, chifukwa bambo anandiletsa. Anati zapita, usayambane ndi anthu. Koma dzulo mayi a Joyisi abwera kuchokera kumsika, agwada pamalo pomwe anagwada tsiku lija, n'kundiuza zimene mukuuza makasitomala anu. Akuti mukunena kuti, "Yafa ija. Ndinanena ine kuti n'chitopa, mwana wawo ankatsutsa." Akuti mwaitanitsa katemera wina.

Ndiye mverani. Dzira loyamba lija sindinataye. Lili m'kabati, m'kapu ya mayi. Tsiku la msika likubwerali ndidzaima nalo pakhomo pa sitolo yanu, ndipo aliyense wolowa ndidzamuonetsa n'kumufunsa ngati anaonapo chitopa chikuikira. Sindidzatukwana. Ndidzangofunsa. Inunso ndili ndi mafunso anu, mudzayankhe anthu akumva. Munaphunzira kuti? Ndani anakulolezani kugwira nyama ya munthu? Pamene simunatsegule khola tsiku loyamba, chitopa munachionera pati? A ofesi yoona za ziweto kuboma, ngati uthengawu ukufikani, kodi masitolo amenewa mumawayendera, kapena aliyense wogula nsalu yoyera ndi mabatani akhoza kuyamba?

Mbalame ina sindikufuna, musayese n'komwe. Ingadzayankhule mawu a yani? Chimene ndikufuna n'chimodzi. Mukwere njinga yamoto yomwe ija, mulowe m'mudzi mwathu khomo ndi khomo monga munachitira pogulitsa katemera, muwauze anthu kuti kwa madala aja kunalibe chitopa. Mukamaliza mudzaime pakhomo pathu, muvule chikhoticho, muwauze bambo anga kuti wolakwa si amene anagwira miyendo. Ine ndawauza, sakundimva. Mwina inu adzakumvani, poti anakumverani pa zina zonse.

Kwa inu nonse osunga mbalame, ikayamba zachilendo koma ikudya bwino, musathamangire ufa wojambulidwa tambala. Funsani munthu amene anaiphunzira, ngakhale pafoni, ngakhale mukwere chulu. Ndipo munthu akakuuzani kuti zonse n'za nthenga, nyamulani khola lanu mutuluke.

Lero m'mawa bambo aphika tiyi. Amuika pakhonde, pafupi ndi khola lopanda kanthu, atenga khasu n'kupita kuseri. Ine ndinali pamakina, ndikuwaonera pawindo. Amalima malo amodzimodzi, kuima, kutchera khutu, kulimanso. Dzuwa linakwera. Ntchentche zinayamba kuzungulira kapu. Ndinalimba mtima, ndinatuluka, n'kuitana.

"Ababa, tiyi wazizira."

Sanatembenuke.

"Ndikudziwa, mwanangu. Musiye pomwepo."